Kambalame ka m'tsala ku Alentejo: alipo anakaonapo?

Wa ku Beja:
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala zii kwa miyezi ingapo, ntchito inandipana. Lero ndabwera ndi nkhani yabwino. Mbalame ija ndakhala ndikuisakasaka kwa zaka ziwiri ndaiona Loweruka lapitali, ndi maso angawa. Kuno ku Portugal amaitcha sisão, ku Spain sisón, m'mabuku a Chingerezi little bustard, pomwe akatswiri amati Tetrax tetrax.

Ndinanyamuka ku Beja, tauni ya m'chigawo cha Alentejo kum'mwera kwa Portugal, m'bandakucha pa galimoto yobwereka kwa mnzanga wa kuntchito. Kukafika ku Castro Verde sipakwana makilomita 50. Kuchoka apo ndinatenga msewu wa ku Mértola, ndipo nditayandikira mudzi wa São Marcos da Ataboeira ndinapatukira m'kamsewu kafumbi n'kuima pambali pa tsala. Dera limeneli eni ake amalitcha Campo Branco. Mtengo umachita kuusaka. Ndi minda ya tirigu, msipu wa ziweto ndi matsala basi, mpaka pomwe maso alekezera.

Ndinazimitsa injini n'kutsitsa galasi. Kunja kukali mbuu, kamphepo kakulasa m'makutu. Poyamba ndinkangomva timbalame ting'onoting'ono tikuimba m'mwamba. Kenaka kunamveka kaphokoso kouma, kakafupi: prrt. Zii. Patapita kamphindi, prrt. Ngati munthu wang'amba kansalu kakale. Kulira kumeneku n'konyenga, umayesa kuti kuli pafupi kumanzere pomwe mwini wake ali kutali kutsogolo. Ndinatha mphindi 20 ndikusesa udzu ndi magalasi oonera patali, osaona kanthu. Dzuwa litangosuzumira, pa kamtunda kena, balamanthu! Khosi lakuda bii lokhala ndi mizere iwiri yoyera mbee, wina wotsetsereka ngati chilembo cha V, wina wozungulira m'munsi ngati mkanda. Nkhope yotuwa, msana wamtundu wa dothi. Inafufumitsa nthenga za m'khosi, n'kupondaponda pansi mofulumira ngati wovina, n'kuponyera mutu kumbuyo, prrt, kenaka n'kudumpha m'mwamba mapiko oyera ali tambasu, n'kutera pomwepo. Ndinawerenga, inadumpha kasanu ndi kawiri. Mtima unandigunda kwambiri moti manja ankanjenjemera.

Wa ku Chipata:
Zikomo achimwene. Ine ndine watsopano pa zoonera mbalame, mundikhululukire funso likakhala lachibwana. Ndi yaikulu bwanji? Mmene mwafotokozeramo ndikuona ngati chinthu chachikulu ndithu.

Wa ku Beja:
Funso n'labwino. Ndi yaing'ono, nkhanga ikuiposa. Kuchokera kumlomo kufika kumchira ndi masentimita 40 mpaka 45, ndipo kulemera kwake sikukwana kilogalamu imodzi. Miyendo ndi khosi ndizo zimaitalikitsa. Khosi lakudalo ndi la yaimuna yokha, nayonso imakhala nalo m'nyengo yoswana basi. Yaikazi ndi yamawangamawanga ngati nkhwali, ikabwanthama mu udzu mutha kuiponda osaiona. Chimphona chake kuno ndi abetarda, great bustard, yomwe yaimuna imatha kupitirira makilogalamu 10. Imeneyo ndinaiona kale kangapo, siivuta, imaonekera patali ngati nkhosa.

Aphunzitsi Opuma:
Mwanawe, wachita bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka ziwiri si masewera. Ine zanga n'za mawu monga mukundidziwira: dzina loti sisão ndi sisón likumveka ngati linachokera ku phokoso. Koma iwe wati imalira prrt. Nanga si si ameneyu wachokera kuti?

Chemwali wa ku Cáceres:
Aphunzitsi, mwalasa. Dzinali silichokera kukhosi koma kumapiko. Yaimuna ili ndi nthenga imodzi pa phiko lililonse, yachisanu ndi chiwiri mwa nthenga zazitali zoulukira, yomwe ndi yaifupi komanso yopangidwa mosiyana ndi zinzake. Ikamauluka mphepo imadutsa pamenepo n'kumaimba mluzu, si si si si. Yaikazi ilibe. Choncho gulu likadutsa pamutu panu, khutu lokha likuuzani ngati muli zazimuna.

Ine ndikuphunzira za chilengedwe kuno ku Extremadura, m'dziko la Spain, ndipo mwezi wa Epulo ndi Meyi timadzuka usiku kukaziwerenga m'zigwa za pakati pa Cáceres ndi Trujillo, nthawi zina mpaka ku La Serena. Chimene chimandisangalatsa ndi kakhalidwe ka zazimuna. Iliyonse imakhala ndi bwalo lakelake, kamalo kopondedwa mpaka udzu kutha, ndipo mabwalowo amatalikirana, koma osati kwambiri, zimamvana kulira. Yaikazi imayendera mabwalowo, kusankha, n'kuchoka. Zatha pomwepo. Kukhalira mazira, komwe kumatenga pafupifupi milungu itatu, ndi kulera anapiye, zonse ndi za yaikazi yokha.

Achimwene a ku Beja, kudumpha kuja muli ndi mwayi kukuona. Kumachitika makamaka m'mamawa ndi chisisira. Dzuwa likakwera imangolira prrt itaima njo.

Mwana wa Nyika:
Abale anga, mukundikumbutsa za kwathu kuno. Pa Nyika tili ndi wachibale wake, Denham's bustard. Yathuyi ndi yaikulu, imayenda monyang'wa m'udzu waufupi kufupi ndi Chelinda, makamaka pomwe papsa kumene, ikutola ziwala. Yaimuna ikafuna kukopa imatukumula khosi mpaka kuoneka ngati mpira woyera, mumaiona muli phiri lina. Alendo ambiri amabwerera mbidzi ndi nchefu, koma odziwa mbalame amayamba kufunsa imeneyi. Palinso black-bellied bustard ya m'madambo a kumunsi, ija imalira kamodzi, n'kukhala chete pang'ono, kenaka pho! ngati mwatsegula botolo. Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: zimafuna malo oyera poti ziziona patali, ndipo zimaikira pansi. Little bustard yanuyo kwathu kulibe, n'chifukwa chake ndikuwerenga ndi chidwi.

Mayi a Mapasa:
Ine ndinaionapo kamodzi, koma kuno ku England! Mu Juni 2019 yaimuna imodzi inasochera n'kutera ku Slimbridge, m'mbali mwa mtsinje wa Severn ku Gloucestershire. Kuno siiswana, imangobwera mwa apo ndi apo, ndiye uthenga utamveka anthu anakhamukira kumeneko ngati kuli msonkhano. Ine ndinali nditaweruka ntchito ya usiku, ndinangosintha nsapato n'kuuyatsa. Tinaima pamzere maola awiri, aliyense diso lili pa telesikopu. Udzu unali wautali, moti chomwe ndinaona ndi mutu ndi khosi lakuda lija zikutuluka, kuyang'ana uku ndi uku, n'kumiranso. Bambo wina wachikulire amene anandibwereka telesikopu yake analira misozi, akuti waidikira moyo wake wonse. Kuyambira tsiku limenelo ndimafuna kudzaiona kwawo, ikuvina.

Chemwali wa ku Cáceres:
Mayi, ngati mukufuna kubwera musazengereze. Pepani kuti ndisokoneze chisangalalo, koma mbalameyi ikutha. Ku Spain anachita kalembera wa dziko lonse mu 2005, n'kubwereza mu 2016. Pa zaka 11 zimenezo zazimuna zinachepa ndi 48 peresenti. Ku Portugal kalembera wa 2016 anapezanso kuti pafupifupi theka lapita poyerekeza ndi zaka za 2003 mpaka 2006. Bungwe loteteza mbalame la ku Spain la SEO/BirdLife linaisankha kukhala mbalame ya chaka mu 2017 pofuna kudzutsa anthu, ndipo mu 2023 boma la Spain linaiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yotheratu. Kumadzulo kwa France, komwe kuli gulu lomwe limasamukira kuno nthawi yozizira, zinatsala zosakwana chakhumi cha zomwe zinalipo cha m'ma 1970.

Alimi achikulire kuno amatiuza kuti ali anyamata gulu likadzambatuka m'munda nthawi yozizira kumwamba kunkayera. Ine m'dera lomwe ndimawerenga ndikapeza zazimuna zinayi m'mawa umodzi ndimabwerera ndikumwetulira.

Wa ku Chipata:
Chikuzimaliza n'chiyani? Alenje?

Chemwali wa ku Cáceres:
Kuisaka n'koletsedwa, ngakhale ena amawombera mobisa. Koma gwero lenileni ndi kusintha kwa ulimi. Mbalameyi inazolowera ulimi wakale wa kuno, woti munda ulime tirigu chaka chino, kenaka ugone chaka chimodzi kapena zingapo nkhosa zikudyamo. M'tsala ndimo imapeza zonse: udzu wofika m'mawondo wobisamo chisa, masamba anthete a zomera za mtundu wa nyemba omwe zikuluzikulu zimadya, ndi ziwala. Anapiye m'milungu yoyamba amadalira ziwala ndi tizilombo tina, masamba okha sangakule nawo. Kale lamulo la European Union linkakakamiza alimi akuluakulu kugoneka gawo la minda yawo, koma linachotsedwa mu 2008, ndipo matsala anachepa kwambiri. Otsalawo ambiri amawatembenuza ndi thirakitala kapena kuwapopera mankhwala ophera udzu. Onjezani mawaya a magetsi, omwe imawomba ikamauluka, ndi minda ya mpesa, maolivi ndi ma almond yomwe ikulowa pomwe panali tirigu.

Mlimi wa ku Mchinji:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyankhulepo. Achemwali, mukunena ngati mlimi ndiye mfiti. Munda ukagona chaka chathunthu, ana adya chiyani? Kaya ndi ku Spain kaya ndi ku Mkanda, mlimi ali ndi ngongole ya feteleza, fizi ya ana, matenda. Munthu wokhala m'tauni n'kosavuta kunena kuti siyirani mbalame. Ine mbalame ndimazikonda, n'chifukwa chake ndili pagulu pano, koma chikondi sichilipira ngongole.

Wa ku Beja:
Amalume, mawu anu andikhudza, chifukwa pali zomwe sindinanene poyamba paja. Ine kuno ndimagwira ntchito m'munda wa maolivi. Si mitengo ija yakale yotalikirana ayi. Iyi imadzalidwa mothithikana ngati mpanda, mizere yowongoka makilomita, paipi ya madzi pansi pa mzere uliwonse, ndipo amakolola ndi makina. Madzi ake amachokera ku damu la Alqueva pa mtsinje wa Guadiana, lomwe linayamba kudzaza mu 2002 ndipo lero limathirira mahekitala oposa 100,000. Damu limeneli ndilo linabweretsa ntchito yomwe ikundidyetsa ine, ndi kulipira sukulu ya alongo anga kumudzi. Koma mnzanga wachikulire yemwe timayendetsa naye thirakitala amandiloza mizere yomweyo n'kunena kuti apa panali tirigu, ndipo chilimwe chilichonse sisão ankadzadza. Ku Castro Verde kukauma mu Julayi, kutentha kukafika madigiri 40, mbalamezi zimachoka kukasaka zobiriwira kumadera a nthaka yabwino, ndipo madera amenewo ndi omwe tadzalamo mitengo. M'mitengo sizilowa.

China chimene sindidzaiwala chinachitika chaka changa choyamba, ndikugwira ganyu pa famu ina ya ng'ombe. Unali mwezi wa Meyi, tikutchetcha udzu wosungira ziweto. Ine ndinkayenda pambuyo pa makina. Ndinangoona nthenga zamawanga zili mbwee pa mzere womwe wadulidwa kumene. Nditawerama ndinapeza kadzenje kosaya koyalidwa udzu, muli mazira atatu obiriwirako ngati chipatso cha olivi, awiri ophwanyika, limodzi lamphumphu, likadali lofunda. Mayi wake sanathawe. Anabwanthama monga amachitira akamva mdani, chitsulo n'kumupeza pomwepo. Nthawi imeneyo dzina lake sindinkalidziwa. Ndinanyamula dziralo m'manja osadziwa kolowera nalo. Kusaka kwanga kwa zaka ziwiri kunayambira pamenepo.

Mayi a Mapasa:
Mayo ine. Pepani achimwene.

Chemwali wa ku Cáceres:
Zimene mwaonazo ndi zomwe zikuchititsa kuti m'madera ambiri zazimuna zichuluke kuposa zazikazi. Yaimuna imathawa makina, yaikazi imafera pa mazira. Ndiye munthu ukhoza kupita m'mawa, kumva prrt uku ndi uko, n'kuganiza kuti zinthu zili bwino, pomwe zovinazo zikuvinira bwalo lopanda owonera.

Amalume a ku Mchinji, sindinafune kunyoza mlimi, ndikhululukireni ngati zinamveka choncho. Popanda mlimi mbalameyi kuno siingakhaleko n'komwe, chifukwa munda ukasiyidwa kotheratu umamera tchire ndipo imachokamo. Imafuna munda wolimidwa, koma wopatsidwa nthawi yopuma.

Mlimi wa ku Mchinji:
Ndamva, mwana wanga, palibe mlandu. Koma funso langa likadalipo. Wolipira kupumako ndani?

Wa ku Beja:
Ku Castro Verde anayesa kuyankha funso lomweli, amalume, ndipo n'chifukwa chake mbalame zikadalipo kumeneko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 makampani opanga mapepala ankafuna kudzala bulugamu dera lonselo. Khonsolo ya boma laling'onolo inakana, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la Liga para a Protecção da Natureza linayamba kugula mafamu mu 1993 kuti apitirire kulimidwa mwakale. Mu 1995 kunabwera ndondomeko yoti mlimi amene wavomera kusinthanitsa tirigu ndi tsala, kuchepetsa ziweto pa hekitala, ndi kusatchetcha kapena kulima m'nyengo ya mazira, azilandira ndalama. Mu 2017 UNESCO inalizindikira derali ngati malo osungirako chilengedwe omwe anthu amakhalamo n'kumalima. Bungwe la Liga lija lili ndi malo olandirira alendo ku Vale Gonçalinho, kufupi ndi tauni.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Ngakhale kumeneko alimi ambiri asiya tirigu ndi nkhosa n'kuyamba ng'ombe, chifukwa ndiko kuli phindu, ndipo ng'ombe zimafuna udzu wotchetcha ndi mipanda ya waya. Koma mukaima pamalire, mbali ina maolivi ali ndandanda, mbali ina tsala lili ndi maluwa, khutu lokha limakuuzani kusiyana kwake.

Mlimi wa ku Mchinji:
Apo ndiye tamvana. Ngati dziko likufuna mbalame, dziko lithandize mlimi kuisunga, osangomuloza chala. Ndipo kunena zoona, mwandikumbutsa. Bambo anga anali ndi tsala kuseri kwa dambo, ankaligoneka zaka zitatu. Mmenemo ndimo tinkadzidzimutsa zinziri ndi nkhwali tikamapita kokadyetsa mbuzi, ndipo bowa ndi ziwala tinkatola momwemo. Lero malo omwewo tinagawana anthu asanu ndi mmodzi, palibe ndi phazi limodzi lomwe logona. Nkhwali ndinaimva komaliza liti, ndikuchita kuganiza. Ife sitinadzale maolivi, tinangochulukana.

Aphunzitsi Opuma:
Mawu oti tsala enieniwo ana a masiku ano ena sakuwadziwa. Ndinafunsa adzukulu anga dzulo nditawerenga zokambiranazi, mmodzi yekha ndiye anayankha, nayenso anati ndi munda wa munthu waulesi. Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera.

Wa ku Chipata:
Ndaphunzira zambiri. Tsono munthu atapeza mwayi wopita, achite bwanji kuti aione? Ndinamva kuti ena amakonda kuliza kulira kwa mbalame pa foni kuti iyandikire.

Chemwali wa ku Cáceres:
Chonde zimenezo ayi, makamaka pa mbalame iyi. Yaimuna ikamva mnzake pabwalo pake imasiya kudya ndi kukopa n'kuyamba kusaka mdani yemwe kulibe. Ndipo musatsike n'kulowa m'munda. Minda ndi ya eni ake, komanso yaikazi mukaidzambatutsa pa mazira akhwangwala ndi nkhandwe amaona pomwe yachokera.

Wa ku Beja:
Galimoto ndiyo chobisalira chanu. Munthu woyenda pansi imamuthawa ali kutali, koma galimoto yoima chete imaizolowera. Fikani kusanache, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, zimitsani injini, yambani ndi makutu. Mverani kulira kwake pa intaneti musananyamuke kuti mukakuzindikire. Nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Epulo mpaka pakati pa Meyi. Ikakwana 10 koloko nthunzi ya kutentha imavinitsa chilichonse m'magalasi, ndi bwino kukapuma n'kubwereranso madzulo. Muziyang'ana pa timitunda ndi m'malire a tsala ndi tirigu, ndipo musasake mbalame yathunthu, sakani kadontho kakuda pamwamba pa udzu.

Mwana wa Nyika:
Nanga nyengo yozizira zimapita kuti?

Chemwali wa ku Cáceres:
Za kuno zambiri sizipita kutali, zimangosonkhana m'magulu m'minda ya msipu wa ziweto wotchedwa alfalfa ndi m'ziputu. Koma kuli mtundu womwewu kum'mawa, ku Russia ndi Kazakhstan, ndipo zimenezo zimayenda ulendo weniweni. Zambiri zimakathera nyengo yozizira ku Azerbaijan, komwe zawerengedwapo zoposa 100,000. Zimadutsa pa kampata ka Besh Barmag, pakati pa mapiri a Caucasus ndi nyanja ya Caspian. Ndikadzamaliza sukulu, ulendo wanga woyamba ndi umenewo.

Wa ku Beja:
Abale, ndabweranso patatha milungu iwiri. Dzulo ndinapita pamalo pomwe paja. Yaimuna ija ikadalipo pa kamtunda kake, ndipo ndinamvanso zina ziwiri chakumadzulo. Koma nkhani ndi iyi: cha m'ma 7 koloko ndinaona udzu ukugwedezeka kumunsi kwa bwalo, kenaka kamutu kamawanga kanatuluka. Yaikazi! Inkayenda mowerama, pang'onopang'ono, kuima, kuyendanso. Yaimuna itaiona inadumpha motsatizana osapuma. Sipanathe mphindi zitatu, yaikaziyo inalowa m'tsala n'kuzimirira.

Pobwerera ndinakumana ndi mwini munda akutsegula geti. Ndinamupatsa moni, n'kumufunsa m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka kuti tsalalo alitchetcha liti. Anati iye ali m'ndondomeko ija, salikhudza mpaka nyengo ya mazira itadutsa. Kenaka anandifunsa komwe ndimachokera, ndipo nditamuuza anadabwa kuti munthu wa ku Malawi akudziwa sisão. Wandilola kuti ndiziima pa geti lake ndikabwera.

Mayi a Mapasa:
Ndasangalala ngati ndinali pomwepo. Chaka chino ndachedwa kale, tchuthi changa chili mu Ogasiti. Koma cha mawa ndipempha sabata yomaliza ya Epulo. Ndege yotsika mtengo kuchokera kuno imatera ku Faro. Kuchoka apo n'kutali bwanji?

Wa ku Beja:
Pa galimoto ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, mayi, msewu wake ndi wabwino. Mukagone ku Castro Verde komweko kuti m'mawa musavutike. Mudzatenge juzi, kumazizira kusanache ngakhale mu Epulo. Ine ndipitanso kumapeto kwa Juni kukaona ngati m'tsala muja mwatuluka anapiye, ndipo ndidzakuuzani pompano.